Za Mlangizi: Foni Ingathe Kupepuza Mtima wa Mlimi

Alimi anzanga, mlungu uno tiyeni tiike kaye khasu pansi, tikambe za mwini khasuyo. Chimanga chikapserera m'munda ngongole ya feteleza ili pakhomo, monga zinachitikira m'chilala cha 2024, anthu ena amagwidwa ndi nthenda yosaoneka ndi maso. Munthu sagona tulo, nsima siimukomera, kumunda sapita, angokhala duu kuseri kwa nkhokwe. Umenewu si ulesi kapena ufiti iai. Ndi nthenda ya maganizo, ndipo imachizika.

Bvuto lathu ndi mtunda. Chipatala chachikulu cha Boma cha matenda otere chili ku Zomba, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nanga mlimi wa ku Nsanje angafikeko bwanji nthawi yopalira? Apa mpamene foni yayamba kugwira nchito.

Ku Zimbabwe, Dr. Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera munthu wobvutika. Awiriwo amakumana mpaka maulendo 6, kusankha bvuto limodzi ndi kupangana chochita nalo. Pamene COVID-19 inaletsa anthu kusonkhana mu 2020, uphungu womwewo unayamba kuperekedwanso pa foni ndi pa WhatsApp. Kuno kwathu, Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, kenaka chinafalikira dziko lonse m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Kumeneko munthu amalankhula ndi wa zaumoyo ali khale pakhonde pake.

Tsono chitani izi:

1. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu nambala yoimbira, muilembe pamalo poonekera.

2. Mnansi wopanda foni mubwerekeni yanu, ndipo mupatukeko kuti alankhule momasuka. Zimene mwamva musakazitule ku chitsime kapena pa mowa.

3. Amene analandira mankhwala ku chipatala, mutchereni belu la pa foni kuti limukumbutse nthawi yomwera. Asaleke mankhwala dokotala asananene, ngakhale akuona ngati wachira.

4. Mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe muziwatsekera ndi loko, kutali ndi chipinda chogona. Ganizo lodzipha nthawi zambiri limafika mwadzidzidzi nkupita. Botolo likakhala patali, moyo umapulumuka.

Koma dziwani kuti foni siilowa m'malo mwa chipatala. Munthu akayamba kunena zodzipha, kugawa katundu wake, kapena kumva mau amene ena sakuwamva, musamusiye yekha. Mupite naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo.

Makamaka inu abambo, musati mwamuna salira. Mutu umodzi susenza denga. Munda ukakanika chaka chino tidzalimanso ndi mvula ikubwerayi, koma mlimi akapita sabweranso.