Papa adakhululuka, koma chitseko cha ndende chidatsekedwabe

Pa 13 Meyi 1981, Papa John Paul II akudutsa pagalimoto yopanda denga pakati pa chinamtindi cha anthu pabwalo la St Peter's ku Vatican, mnyamata wa ku Turkey, Mehmet Ali Ağca, adawawombera m'mimba. Patangopita masiku anayi, ali chigonere m'chipatala cha Gemelli, Papa adalengeza kuti amukhululukira. Mnyamatayo n'kuti asanapepese n'komwe.

Pa 27 Disembala 1983 Papa adamulondola kundende ya Rebibbia ku Rome. Zithunzi za tsikulo zimaonetsa awiriwo atakhala pangodya ya chipinda, mitu itayandikana, akunong'onezana ngati munthu ndi mphwake. Kenaka Papa adatuluka, Ağca n'kutsala momwemo. Adakhala m'ndende za ku Italy zaka 19, mpaka 2000 pamene Pulezidenti Carlo Azeglio Ciampi adamukhululukira. Adamutumiza kwawo kukagwira ukaidi wa milandu ina, n'kudzatuluka mu 2010.

Mbali imeneyi alaliki ambiri amailumpha, chonsecho ndiyo ikufunika kwambiri kuno kwathu.

Mayi amabwera kwa akulu ampingo diso litatupa, mwana kumsana, chitenje chitang'ambika. Ankhoswe akhala pamphasa, nyimbo yake ndi imodzimodzi: banja ndi kupirira, Mkhristu sasunga mangawa, kachotseni mlandu kupolisi. Mwamuna wake wangoti zyoli, osayankhapo kanthu. Pomaliza wopatsidwa ntchito ndi womenyedwa uja, womenya n'kubwerera kunyumba manja ali m'thumba. Ndi nkhanza zachiwiri zimenezo, ndipo zimapweteka koposa chifukwa zimadza ndi pemphero.

Mutu 18 wa Mateyu, womwe umalamula kukhululuka kosawerenga, ndi womwewonso umati wolakwa auzidwe kulakwa kwake, akakana paitanidwe mboni, akakanabe nkhani ifike kumpingo. Kukhululuka kumachotsa chidani mumtima wa wolakwiridwa, koma sikufafaniza mlandu. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo mayi wopita ku Victim Support Unit sadachimwire Mulungu. Angathe kumupempherera mwamunayo usiku, m'mawa n'kukapereka umboni kukhoti.

Ağca adabwereranso ku Vatican pa 27 Disembala 2014, patatha zaka 31 chichezereni ku Rebibbia. Palibe adamukakamiza. Adafika ali mfulu, tsitsi litachita imvi, n'kuika maluwa oyera pamanda a munthu amene adafuna kumupha.