Tiphunzire Cingerezi: "Go", "Went" ndi "Gone"

Sabata ino tikambirana za mneni mmodzi wa m'Cingerezi, wa zilembo ziwiri cabe, koma amene wagwetsa ana ambiri pa mayeso ndi kusokoneza akulu powerenga makalata. Mneniyu ndi "go", ndiko kuti kupita. Tisanalowe m'phunziro, ndiloleni ndikusimbireni zimene zinaonekera alongo anga amene akhala m'dera la Mfumu Mlolo kuno ku Chadiza.

Mwana wao woyamba agwira nchito yomanga nyumba ku Lusaka. Tsiku lina, pa nyengo yokolola, uthenga unafika pa foni kucokera kwa kapitao wa pa nchitopo. Unali wolembedwa motere: "Your son hurt his hand. He has been to the hospital." Popeza alongo angawo sanapite patali ndi sukulu, anaitana mdzukulu wao wamkazi kuti awawerengere. Mwanayo anati, "Ambuye, akuti amalume apweteka dzanja, ndipo apita ku cipatala. Ali komweko."

Anayesa kuimba foni ya mwana wao, koma inali yotseka. Usiku umenewo tulo sanatione. Kutaca anagulitsa mbuzi imodzi ndi matumba awiri a cimanga pa mtengo wotsika kwambiri, nakwera galimoto kupita ku Chipata, kumene anapeza basi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550. Atafika anapeza mwana wao ali pa nchito, dzanja lili lomanga ndi nsalu yoyera. Ku cipatalako anapitadi, koma anabwerako tsiku lomwelo. Mbuzi inapita, cimanga cinapita, conseco mdzukuluyo sananame dala. Iye anamva "has been" monga ngati ndi "has gone". Nkhani imeneyi tidzabwererako, koma tiyambe ndi pamene payambira vuto.

M'Cinyanja mneni sasintha tsinde lake. Timati ndipita, ndinapita, ndapita, ndidzapita. Cimene cisintha ndi timau tapatsogolo, koma tsinde likhala lomwelo. Aneni ambiri a m'Cingerezi nawonso ngosavuta, pakuti pofuna kunena zakale timangoonjezera "ed" kumapeto: "plant" akhala "planted", "cook" akhala "cooked". Koma alipo aneni ena pafupifupi 200 amene akana lamulo limeneli, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe tiwagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku, monga "eat", "see", "come" ndi "take". Wopulupudza koposa onse ndiye "go". Mwana akalemba kuti "I goed", musamseke, cifukwa watsatira lamulo limene anaphunzira. Ngakhale ana aang'ono a ku England amalakwa motero pophunzira kulankhula. Cofunika ndico kumuonetsa kuti mneniyu ali ndi maonekedwe atatu, ndipo maonekedwe aliwonse ali ndi anzake oyenda nawo.

Coyamba ndi "go". Mau awa timanenera zimene ticita kawirikawiri: "I go to the garden every morning", ndiko kuti ndimapita ku dimba m'mawa uliwonse. Tikamanena za munthu wina mmodzi timati "he goes" kapena "she goes". Pambuyo pa timau "will", "did", "can", "must" ndi "to" timalemba "go". Apa ndi pamene ambiri apunthwa. Amafunsa kuti, "Did you went to Chipata?" Kumeneko nkulakwa. Kolondola nkunena kuti, "Did you go to Chipata?" Poyankha mokana timati, "I did not go." Cifukwa cake ncakuti kamau "did" kasenza kale nthawi yakale, motero mneni safunikanso kuisenza. Ifenso sitinena kuti ndinanapita. "Na" mmodzi akwanira.

Caciwiri ndi "went". Mau awa anena za ulendo umene unacitika kale, ndipo ayenda okha popanda wowathandiza. Ngati mwachula nthawi, monga "yesterday", "last week" kapena caka cakuti, gwiritsani nchito "went". Citsanzo: "We went to Mkaika last August to see Kulamba", ndiko kuti tinapita ku Mkaika mwezi wa August wapitawu kukaona mwambo wa Kulamba. Musalembe kuti "I have went", ndiponso musalembe kuti "I have gone yesterday". Zonse ziwirizi mphunzitsi adzazidula ndi colembera cofiira.

Cacitatu ndi "gone". Mau awa sayenda okha m'ciganizo. Afuna "has", "have" kapena "had" patsogolo pao. "Father has gone to Chanida" atanthauza kuti atate apita ku Chanida, ndipo pamene tikulankhula pano sali pakhomo: ali komweko kapena ali m'njira. "When I arrived, the bus had gone" atanthauza kuti pamene ndinafika, basi inali itapita kale. Cenjeraninso ndi mau akuti "He is gone". Akanenedwa pa matenda aakulu, angathe kutanthauza kuti munthuyo watisiya, monga momwe ifenso timanenera mwaulemu kuti wapita.

Tsopano tibwerere kwa alongo anga. Munthu akapita kwina nkubwerako, Cingerezi sicinena kuti "has gone". Cimabwereka mau kwa mneni wina, nkunena kuti "has been". Yerekezani ziganizo ziwiri izi. "Mother has gone to the clinic": amai apita ku cipatala, musawafune pakhomo. "Mother has been to the clinic": amai anapitako ku cipatala, ndipo abwerako. Kusiyanaku ife tikudziwa bwino m'cilankhulo cathu. Mlendo akafunsa mwini nyumba ndipo mwana nkuyankha kuti "apita ku boma", mlendoyo amabwerera. Koma akayankha kuti "anapitako ku boma", mlendoyo amakhala pa mpando kudikira, podziwa kuti ali pafupi. Motero ngati mwaima pamaso pa munthu pano pa Chadiza ndipo mufuna kumuuza kuti mzinda wa Lusaka munauonako, nenani kuti, "I have been to Lusaka." Mau akuti "I have gone to the field" ngoyenera pa kalata yosiya pa citseko, yoti aiwerenge inu mulibe.

Mwina wina afunsa kuti, nanga "went" anacokera kuti, popeza safanana nkomwe ndi "go"? Yankho lili m'mbiri ya cilankhuloco. Kale Angerezi anali ndi mneni wina, "wend", wotanthauza kutembenuka kapena kulowera kwinakwake. Nthawi yakale ya "wend" inali "went", monga momwe "send" akhalira "sent" ndi "spend" akhalira "spent". M'zaka za m'ma 1400 anthu anayamba kugwiritsa nchito "went" m'malo mwa mau akale a "go", ndipo zinakhazikika motero kufikira lero. Zimenezi zisatidabwitse, pakuti m'Cinyanja muli zofanana nazo. Timati ndili, ndinali, koma za m'tsogolo sitinena kuti ndidzali. Timabwereka mneni wina nkunena kuti ndidzakhala. Palibe mwana wa kumudzi amene amalakwa pamenepa, cifukwa khutu lake linazolowera. Ndi m'mene tiyenera kucitira ndi "go", "went" ndi "gone": kuwamva ndi kuwanena m'ziganizo zathunthu kufikira khutu litazolowera.

Makolo ena anganene kuti izi nza aphunzitsi. Koma kumbukirani kuti mu 1966 lamulo la maphunziro linaika Cingerezi kukhala cilankhulo cophunzitsira m'masukulu a dziko lino, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Zambia acichula kuti ndico cilankhulo ca boma. Cinyanja cathu ndi cimodzi mwa zilankhulo 7 zimene boma linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu ndi kumveka pa wailesi, ndipo tiyenera kucinyadira. Komabe mayeso ambiri, makalata ofunsira nchito ndi mapepala a m'maofesi amabwera m'Cingerezi. Pa mudzi, mwana wa sukulu ndiye amakhala womasulira wa banja lonse, ndipo akulu amagamula zinthu zazikulu potsatira zimene iye wanena. Ncifukwa cake mumuuze mwana wanu kuti akakumana ndi mau okaikitsa asacite manyazi kupita kwa aphunzitsi kapena kwa wina wodziwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Nayi nchito ya sabata ino. Lembani ziganizo izi m'kope, ndi kuika "go", "goes", "went", "gone" kapena "been" pa mpata.

1. My uncle ...... to Katete yesterday.
2. Did she ...... to school on Monday?
3. The teacher is not here. He has ...... to Chipata.
4. I know that market well. I have ...... there many times.
5. Grandmother ...... to church every Sunday.
6. When we reached the river, the cattle had ...... home.

Makolo amene simudziwa Cingerezi mungathandizebe. Mwana akatha kulemba, muuzeni amasulire ciganizo ciliconse m'Cinyanja, ndipo mumufunse funso limodzi lokha: kodi munthuyo ali komweko kapena anabwerako? Mayankho adzatuluka pa tsamba lino sabata yamawa, pamene tidzakambirana za "come" ndi "came". Tsalani bwino.