KUPIMA MAKUTU A ANA A SUKULU MU LUSAKA: TSIKU LIMODZI SILIOZA MBEWA

Pafupifupi m'kalasi iliyonse muli mwana amene aphunzitsi amadandaula naye kuti samvera. Akamuitana sayankha msanga, akamufunsa cina amayankha cina, ndipo polemba mau amene mphunzitsi akuchula amalakwa ngakhale mau apafupi. Kunyumba makolo amati ndi mwano, anzake amati ndi wogona mutu. Koma nthawi zina bvuto la mwana wotere silikhala m'mutu kapena mumtima. Limakhala m'khutu, ndipo lingapezeke pa mphindi zowerengeka ngati pali wina womupima.

ZIMENE ANAPEZA MU LUSAKA

M'caka ca 2020, magazini ya madotolo yochedwa Medical Journal of Zambia inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anacitika m'masukulu a pulaimale a m'cigawo capakati ca mzinda wa Lusaka. Ofufuzawo anapeza kuti ana 11 kapena 12 pa ana 100 alionse sanali kumva bwino. Ndiko kuti m'kalasi ya ana 60 mungakhale ana 7 amene mau a mphunzitsi amawafika mopereweza. Ambiri mwa anawo mtsempha wao wakumva unali bwino, koma panali cinthu cotseka njira ya mau, makamaka phula louma la m'khutu ndiponso madzi odzaza kuseri kwa nembanemba ya khutu. Awa ndi mabvuto ocizika.

Ciwerengeroci ncofunika kucilingalira bwino, cifukwa ana a mu Lusaka ndiwo ali pafupi koposa ndi cithandizo. Kucokera ku Kabwata munthu angathe kuyenda pansi kukafika ku cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital. Woodlands ndi Kabulonga sizili kutali naco. Anthu a ku Chelstone ali ndi cipatala ca Levy Mwanawasa pa mseu wa Great East, cimene cinatsegulidwa mu 2011, ndipo cipatala ca Beit CURE, cimene cinayamba nchito mu 2006, cili ndi cigawo coona za makutu, mphuno ndi pakhosi. Ngati ana okhala pafupi ndi zipatala zotere amafika m'kalasi ndi makutu otsekeka popanda wodziwa, nanga ana a ku Chadiza, Vubwi ndi Chama ali bwanji?

Bvutoli si la Zambia yokha. Lipoti limene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa pa 3 Marichi 2021 linanena kuti anthu 430 miliyoni ali ndi bvuto la kumva lofuna cithandizo, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Linanenanso kuti pa ana 100 alionse osamva bwino, pafupifupi 60 akadapulumuka mwa katemera, cisamaliro cabwino pa ucembere ndi kuciza msanga matenda a m'khutu.

KUPIMA KUMACITIKA MOTANI

Wopima amayamba ndi kusuzumira m'khutu ndi kanyali kake kuti aone ngati muli phula, mafinya, kambeu kapena ciboo pa nembanemba. Atatero amabveka mwana zomvetsera kumakutu zolumikizidwa ku makina ochedwa audiometer. Makinawo amaliza kamau kapansipansi ku khutu limodzi, kenaka ku linzake, ndipo mwana amakweza dzanja akamva. Palibe jekeseni, palibe kutenga magazi, palibenso kupweteka kulikonse. Masiku ano nchitoyi ingacitikenso ndi foni ya m'manja, monga mwa njira imene akatswiri a pa University of Pretoria ku South Africa anakonza, kotero kuti ngakhale wanchito ya zaumoyo wa m'mudzi angaiphunzire.

Cobvuta si makina ai, koma malo. Kupima kumafuna cipinda cabata. Sukulu yokhala m'mbali mwa mseu wa mabasi, kapena cipinda coyandikana ndi bwalo la masewera, zingacititse kuti mwana womva bwino alembedwe ngati wosamva. Apa mpamene mgwirizano ndi aphunzitsi umayambira, pakuti iwo ndiwo adziwa cipinda coyenera ndi ola limene sukulu imakhala cete.

CIFUKWA CAKE PAFUNIKA ZAKA ZAMBIRI

Kupima kwa tsiku limodzi kumatiuza kuti ana osamva bwino alipo angati pa tsikulo. Sikutiuza kuti maphunziro ao adzayenda bwanji. Madzi a kuseri kwa nembanemba amabwera ndi cimfine ndipo kawirikawiri amauma okha, motero mwana wolephera lero angamve bwino pakapita miyezi itatu, pamene wina wopambana lero angadzayambe kutuluka mafinya caka camawa. Kuti tidziwe ngati kucotsa phula, kuciza mafinya kapena kupatsa mwana kamakina kothandiza kumva kumasinthadi magiredi ake, tiyenera kutsatira ana omwewo kuyambira Giredi 1 kufikira atamaliza pulaimale, tikumayerekeza zotsatira za makutu ndi za mayeso. Akulu anati tsiku limodzi silioza mbewa.

Maiko ena anacita kale zimenezi. Mu mzinda wa Dunedin ku New Zealand, ofufuza akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali makanda, ndipo anaona kuti ana amene makutu ao anali kudzaza madzi kawirikawiri paubwana anali kutsalirako pa kuwerenga ngakhale atakula. Ku America, kafukufuku wofalitsidwa mu 1998 anapeza kuti pa ana 100 alionse okhala ndi bvuto laling'ono la mtsempha wakumva, 37 anali atabwerezapo kalasi. Koma ana a kumeneko amaphunzira m'makalasi a ana ocepa. Kuno kwathu, Boma litayamba maphunziro aulere mu Januwale 2022 makalasi anadzaza kwambiri, ndipo mwana wa mu Lusaka amamva Cinyanja, Cibemba ndi Cingerezi pa tsiku limodzi. Mwana wosamva bwino wokhala kumbuyo kwa kalasi yotere ali pa mpanipani umene mabuku a kunja sangatiuze. Tifunika ziwerengero zathuzathu kuti Unduna wa za Maphunziro ndi Unduna wa za Umoyo udziwe aphunzitsi, anamwino ndi zipangizo zimene dziko lifunika.

PHUNZIRO LOCOKERA KU MALAWI

Anansi athu a ku Malawi anakumana ndi zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzipewa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti mwa ana 150 a m'boma la Thyolo amene anapimidwa ndi kutumizidwa ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafikako anali 5 okha. Makolo anachula kutalika kwa ulendo, kusowa ndalama yokwerera ndi kusamvetsa cimene anawatumizira. Caciwiri, mwa ana 752 amene anapezeka ndi bvuto la kumva mu 2013, ofufuza atabwerera mu 2016 anapezako 307 okha. Enawo sanapezeke.

Apa pali mfundo yaikulu ya nkhani yathu. Kupima mwana popanda kumuciza ndi kutaya nthawi ya kholo ndi ya mphunzitsi, ndipo kufufuza kwa zaka zambiri kumagwa ngati ana asowa panjira. Malo okhawo amene mwana amapezeka tsiku ndi tsiku, dzina lake nkulembedwa m'kaundula, ndi sukulu. Ncifukwa cake sukulu siyenera kuonedwa ngati bwalo lobwereka kwa tsiku limodzi, koma ngati mwini nchito mnzao wa ofufuza.

ZOFUNIKA PA MGWIRIZANO

Coyamba ndi cilolezo. Wofufuza ayenera kudzera ku likulu la Unduna wa za Maphunziro, kwa mkulu wa maphunziro wa cigawo, kwa mlembi wa maphunziro wa pa boma amene timam'dziwa kuti DEBS, kufikira kwa mphunzitsi wamkulu. Lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013 limafuna kuti nchito yotere ibvomerezedwe isanayambe, ndipo lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2021 limafuna cilolezo ca kholo kapena womulera mwana. Koma pepala losainidwa silikwanira. Manong'onong'o akuti alendo abwera kudzatenga magazi a ana akhala akusokoneza nchito zabwino m'madera ambiri, ndipo mankhwala ake ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kumene makina amaonetsedwa poyera ndipo mafunso amayankhidwa m'cinenero cimene makolo amamva.

Caciwiri ndi nthawi. Caka ca sukulu cili ndi matemu atatu, ndipo temu yomaliza ndi ya mayeso. Masukulu ambiri a mu Lusaka ali ndi ana a m'mawa ndi ana a masana. Wopima wofika m'mawa mokha adzasiya gulu lonse la masana, ndipo ziwerengero zake zidzakhala zopunduka. Ndiponso mwana wodwala khutu ndiye amajomba kawirikawiri, motero payenera kukhala tsiku lina lobwerera kudzapima amene sanalipo.

Cacitatu ndi kaundula woyenda ndi mwana. Mabanja a m'tauni amasamukasamuka. Banja la lendi ku Kabwata lero, caka camawa lili ku Chelstone, ndipo zinthu zikabvuta mwana amatumizidwa kwa agogo ake ku Petauke kapena ku Katete. Monga momwe khadi la ku sikelo limayendera ndi khanda kulikonse kumene mai apita, zotsatira za makutu ziyenera kuyenda pamodzi ndi kalata yosamutsira mwana ku sukulu ina. Ofufuza alembenso kumene mwana amagona, osati kumene kuli sukulu kokha, pakuti masukulu a Boma a ku Kabulonga ndi Woodlands amalandiranso ana ambiri ocokera m'makomboni oyandikana nao monga Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni. Woiwala zimenezi angaganize kuti wapima ana a mabwana pamene wapima ana a anchito ao.

Cacinai ndi cithandizo ndi cinsinsi. Zing'onozing'ono monga kucotsa phula zicitikire pa sukulu pomwepo kapena pa kiliniki yapafupi, ndipo mwana wofunika kupita ku cipatala cacikulu apatsidwe tsiku lenileni, pakhalenso mphunzitsi mmodzi wofunsa ngati anapitadi. Zotsatira ziuzidwe kwa kholo ndi mphunzitsi wa kalasi okha, kuopa kuti mwana angapatsidwe dzina la gonthi limene lingamuthawitse sukulu.

Pali ena amene amati aphunzitsi ali kale ndi katundu wolemera, ndipo ndalama zikanagula madesiki ndi mabuku. Dandauloli ndi lomveka, ndipo ofufuza asasenzetse aphunzitsi mapepala ambirimbiri. Koma desiki ndi buku sizithandiza mwana amene sakumva kusiyana kwa mau akuti bala ndi pala. Ndalama zimene Boma limalipirira mwana wobwereza kalasi ndi zambiri kuposa za kupima khutu lake.

GAWO LA ANTHU A KUMIDZI

Zopezeka mu Lusaka sizingaimire dziko lonse. Kumidzi kiliniki ili kutali, malungo ndi ambiri, ndipo mafinya a m'khutu amakhalitsa osacizidwa. Kafukufuku wa zaka zambiri ayenera kukhala ndi masukulu a kumidzi kuyambira paciyambi. Cigawo ca Kum'mawa si mlendo pa nkhaniyi, pakuti sukulu ya ana osamva ya Magwero, pafupi ndi Chipata, inayambitsidwa ndi amishoni mu 1955, Boma lisanatenge udindo wa maphunziro a ana olumala mu 1971.

Pakali pano inu makolo musayembekezere ofufuza. Mwana amene amatembenuza khutu limodzi pomvetsera, amene amayang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, pitani naye ku kiliniki msanga. Musathire madzi a masamba, mafuta kapena mankhwala osadziwika m'khutu, ndipo musatokose ndi nthenga kapena kamtengo. Onetsetsani kuti ana alandira katemera yense, makamaka wa cikuku. Mwana akacira ku malungo akulu, matsagwidi kapena matenda oumitsa khosi, yesani kumuitana capansipansi muli kumbuyo kwake kuti muone ngati akumvabe bwino. Uzani aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo.

Ndipo tsiku limene opima makutu adzafike pa sukulu yanu, alandireni, koma muwafunse mafunso atatu: kodi mwana wopezeka ndi bvuto adzathandizidwa kuti, mudzabweranso liti, ndipo zotsatira adzasunga ndani? Obwera ndi mayankho omveka pa mafunso amenewa ndiwo oyenera kupatsidwa ana athu kuti awapime.