Bwererani ku Maiwe Anu, Koma Samalani Madzi

Acikumbi anzathu a ku Mzuzu, kuweta nsomba si cinthu cacilendo kuno ku Mpoto, pakuti maiwe anakumbidwa ku Nchenachena m'zaka za m'ma 1950. Koma maiwe ambiri anasiyidwa, namera udzu. Ife tikuti bwereraniko, cifukwa makumba ndi cilunguni ndizo ndiwo za ana, ndiponso zibweretsa ndalama.

Tsono pali cizolowezi cimodzi cimene ticitsutsa, ndico kulola madzi a mumfuleni kulowa ndi kuturuka usana ndi usiku. Ena amati madzi oyera ndiwo abwino. Iai, madzi obiriwira ndiwo ali ndi cakudya ca nsomba. Madzi oyenda amakokolola manyowa amene mwathira, naziziritsa dziwe. Ndipo kuno kumene June ndi July ndi miyezi yozizira kwambiri, nsomba zimacedwa kukula.

Pisani dzanja m'dziwe. Cikhatho cikaonekabe madzi atafika m'cigongono, onjezani manyowa. Cikabisika msanga, kapena nsomba zikamayasama pamwamba mbandakuca, lekani manyowa ndi madeya, turutsani madzi pang'ono, ndi kulowetsa atsopano. Polowera madzi ikaniponso sefa, kuti milamba ingalowe ndi kutha tiana ta nsomba.

Mwini dziwe aziliyendera m'mawa uliwonse monga ayendera munda wace.