Malipiro akutha mwezi usanathe: komwe ndalama za pakhomo zikuthawira ku Salima

SALIMA: Kuchokera pomwe Banki Yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama pakhomo idasiya kukhala ya kukhitchini kokha. Idalowa m'maofesi a boma, m'zipinda za aphunzitsi ngakhalenso m'misonkhano ya khonsolo. M'boma la Salima, momwe kalembera wa 2018 adapezamo anthu 478,346, funso ndi lomwelo kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka: kodi banja lodalira malipiro a pamwezi lingachepetse pati ndalama zomwe limaononga tsiku ndi tsiku popanda kudzivulaza lokha?

Gwero la vutoli ndi lodziwika. Mu Meyi 2022 kwacha idatsika ndi 25 peresenti, ndipo patangotha chaka ndi theka idatsikanso, dola imodzi ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mwezi womwewo wa Novembala 2023 bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 lidamukwezanso kufika pa K3,499. Malingana ndi ofesi yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba, m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu idakwera ndi mlingo woposa 30 peresenti, ndipo chomwe chidakwera kwambiri chidali chakudya.

Boma nalo silidakhale chete. Mu 2022 lidachotsa msonkho wa VAT pa mafuta ophikira, mu 2024 lidakweza gawo la malipiro losadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000, ndipo malipiro otsikitsitsa adakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, kenaka K126,000 mu 2025. Koma aliyense amene amagwira thumba la ndalama pakhomo akudziwa kuti malipiro amakwera kamodzi pa chaka, pomwe mitengo pamsika imasintha sabata iliyonse.

Malangizo omwe amamveka kawirikawiri ndi akuti anthu achepetse mowa, mayunitsi a foni ndi zovala zatsopano. Malangizowa si olakwika, koma amaphonya pomwe pali dzenje lalikulu. Kwa banja la ku Salima ndalama zambiri zimathera pa chimanga, pa moto wophikira, pa ndiwo ndi pa ngongole, ndipo mwa zinayizi chimanga ndicho chimalamula zina zonse.

Mtengo wotsikitsitsa wogulira chimanga kwa mlimi, womwe Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka, udali K220 pa kilogalamu mu 2022. Udafika pa K500 mu 2023, K650 mu 2024 ndi K1,050 mu 2025. Kungoyerekeza, banja la anthu asanu ndi mmodzi likamadya matumba awiri a makilogalamu 50 pamwezi, limafuna matumba 24 pachaka. Pa mtengo wa 2025 thumba limodzi ndi K52,500, ndipo matumba onsewo ndi K1,260,000. Ndalamayi ndi yofanana ndendende ndi malipiro a miyezi khumi a munthu wolandira K126,000. Umenewu ndi mtengo wa pakhomo pa mlimi nthawi yokolola, wopanda mayendedwe, chigayo, mchere kapena ndiwo.

Chimanga ndi chimodzi, koma mtengo wake uli pawiri. M'miyezi ya Meyi ndi Juni alimi amagulitsa motchipa chifukwa amafuna ndalama zamsangamsanga, ndipo mavenda amakhala atatchera kale masikelo awo m'midzi. Pofika Januwale ndi Febuluwale, chimanga chomwecho chimabwerera pamsika chitakwera mtengo kwambiri, makamaka m'chaka cha chilala. Izi zidaoneka kumayambiriro kwa 2025, kutsatira ng'amba ya El Niño yomwe idachititsa mtsogoleri wa dziko lino wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Amene adagula matumba ake mu Juni 2024 ndi amene ankagula ndowa imodziimodzi mu Febuluwale 2025 ankadya nsima yofanana, koma wachiwiriyu adalipira mowirikiza.

Apa ndiye pagona nkhani. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, ndalama yosungidwa ku akaunti wamba ya kubanki imachepa mphamvu, pakuti chiwongoladzanja chomwe mwini wake amalandira sichifika pamenepo. Thumba la chimanga losungidwa bwino ndi limene limasunga mphamvu ya ndalamayo. Mawu oti "bwino" ndi ofunika, chifukwa kutentha ndi chinyontho cha kunyanja zimakomera anankafumbwe. Chimanga chosauma mokwanira, chosathira mankhwala kapena chosaikidwa m'matumba osalowa mpweya a PICS chimasanduka fumbi Khirisimasi isanafike, ndipo phindu lonse limathera pomwepo.

Ngakhale kuchigayo kumatayika ndalama zomwe ambiri saziwerengera. Ufa woyera umalipiritsa kawiri, pokonola ndi pogaya, ndipo gawo lalikulu la thumba limatsalira ku madeya. Mgaiwa umalipiritsa kamodzi, umachuluka, komanso a zaumoyo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ndiwo wopatsa thanzi. Chomwe chimauletsa m'nyumba zambiri za ogwira ntchito ndi manyazi, poti ena amauona ngati chakudya cha ana a sukulu zogonera konko.

Vuto ndi lakuti kugula zinthu zambiri pakamodzi kumafuna ndalama zambiri pakamodzi. Mphunzitsi wa pulayimale, mlangizi wa zaumoyo kapena mesenjala wa kwa DC sangatulutse ndalama za matumba khumi m'malipiro a mwezi umodzi. Choncho amagula pang'onopang'ono: kajumbo ka ufa kotchedwa walkman, mafuta ophikira a m'kachubu, shuga wopima ndi supuni, makala a m'kapepala. Kogula kalikonse kamaoneka kotchipa, koma akaphatikiza mwezi wonse amapeza kuti walipira zambiri kuposa bwana wake amene adaoda zonse tsiku limodzi. Wosauka ndiye amagula modula. Bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe, lomwe lakhala likuwerengera mtengo wa zofunika pa banja kwa zaka zambiri, lakhala likuonetsa kuti mtengowu umaposa kutali malipiro otsikitsitsa.

Mpata umenewu ndi womwe akatapila amalowerapo. Munthu amakongola pakati pa mwezi n'kudzabweza pa malipiro ndi chiwongoladzanja chofika theka la ngongoleyo kapena kuposerapo, ndipo ena amasiya khadi lawo la kubanki m'manja mwa wokongozayo ngati chikole. Mwezi wotsatira amauyamba ali kale ndi dzenje, n'kukongolanso. Palibe kuchepetsa shuga mu tiyi komwe kungabweze ndalama zotayika mwanjira imeneyi. Magulu a banki m'khonde, omwe njira yake idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ali ndi ubwino woti chiwongoladzanja chimabwerera kwa mamembala pogawana. Koma magulu ambiri amagawana mu Disembala, nthawi yomwe chimanga chakwera kale ndipo zikondwerero zili pakhomo. Gulu logawana mu Meyi, kapena chipereganyu cha pa ofesi chokonzedwa kuti chizungulire m'miyezi yokolola, chingapindulitse mamembala ake kwambiri ndi ndalama zomwezo.

Anthu a ku Lilongwe amaganiza kuti wokhala ku Salima amadya chambo tsiku lililonse. Zoona zake n'zakuti msewu wa M14 ndi waufupi, makilomita pafupifupi 100 okha, ndipo nsomba zabwino zimakwera galimoto m'mawa kupita komwe kuli ogula a ndalama ndi ku malo ogona alendo. Chomwe chimatsalira banja wamba ndi usipa, utaka ndi bonya, ndipo mitengo yake imayendera nyengo. Asodzi a usipa amapha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala nsomba zimachepa ndipo mtengo umakwera. Mphepo ya mwera ikamaomba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala kumtunda masiku angapo. Mu Novembala ndi Disembala nthambi ya zausodzi imaletsa makoka kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo yonse ya dzinja potsata mwambo womwe udayamba m'zaka za m'ma 1950. Amayi odziwa nyanja amagula usipa wouma wambiri padoko mwezi uli mumdima n'kusunga, m'malo mogula kamulukamulu pamsika wa paboma madzulo aliwonse.

Pa mayendedwe palibe zambiri zonena. Salima ndi dera lachigwa, ndipo njinga ya kapalasa imagwira ntchito yomwe kwina imafuna galimoto. Wogwira ntchito amene amakwera kabaza kawiri patsiku akhoza kuwerengera yekha kuti ndalama za miyezi ingati zingamugulire njinga yakeyake.

Nkhani ya moto wophikira ndiyo yovuta kwambiri kwa ogwira ntchito m'boma, chifukwa imakhudza lamulo lomwe iwo eni amayenera kuliteteza. Ndondomeko ya dziko lino ya makala ya 2017 mpaka 2027 idati mabanja oposa 97 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Makala ambiri a m'misika amaotchedwa popanda chilolezo, ndipo nkhalango ya Thuma ndi mapiri a m'malire a Salima, Dowa ndi Dedza zakhala zikuvutika ndi mchitidwewu kwa nthawi yaitali. Lamulo la zankhalango lomwe lidakonzedwanso mu 2020 lidakhwimitsa zilango, koma thumba la makala silidachoke pakhonde la mkulu wa boma. Mitengo ikamatha, wootcha amapita kutali, ndipo mtunda umenewo amaulipira ndi wogula.

Chodabwitsa n'chakuti boma lomweli la Salima ndi lomwe lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, omwe kampani ya JCM idatsegula mu 2021. Magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM kupita dziko lonse, pomwe makomo ambiri oyandikana nawo amaphikabe pa mafuwa atatu. Kwa amene ali ndi magetsi m'nyumba, kuphika nyemba pa makala pomwe pali mphika wa magetsi wotseka mpweya ndi kutaya ndalama. Kwa amene alibe, mbaula ya dothi ya Chitetezo, yomwe boma lidayamba kulimbikitsa mu 2013 ndi cholinga chofikira mabanja 2 miliyoni pofika 2020, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo imayaka ndi zitsononkho kapena mapesi a nandolo. Kuviika nyemba usiku ndi kuvundikira mphika ndi nzeru zakale zosafuna ndalama, koma zimachepetsa makala a mwezi wonse.

Si kuchepetsa kulikonse komwe kuli kusunga. Banja lomwe limasiya kugula madzi a pampopi n'kumatunga a m'nyanja osathira mankhwala, kapena lomwe limachotsa sopo pa mndandanda wa zogula, limaoneka ngati lapulumutsa ndalama. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo udakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Salima, udaonetsa mtengo weniweni wa kusunga kotereku. Chimodzimodzinso masikito aulere omwe ena amawasandutsa makoka kapena choyanikira usipa: ndiwo za lero zimapezeka, koma malungo amabwerera m'nyumba ndipo tiana ta nsomba timatha m'nyanja.

Zonsezi zikusonyeza kuti mbali ina ya nkhaniyi si ya banja lokha. Mayi wogula chimanga pamsika sangadziwe ngati sikelo ya venda ili yoona, ndipo imeneyo ndi ntchito ya bungwe la Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi khonsolo yomwe imatolera ziphaso pamsikapo. Shuga atasowa mu 2024, anthu a ku Salima adamugula modula ngati wina aliyense, ngakhale kuti fakitale ya Salima Sugar ili m'boma lawo lomwe, ndipo zidatengera bungwe la CFTC kuyendera masitolo omwe ankabisa katundu ndi kukweza mitengo. Nayo ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 kuti iziteteza mlimi ndi wogula ku mitengo yosayenera, idaimitsa ntchito ndi kuchotsa antchito ake mu 2022 pofuna kuikonzanso. Msika wa ADMARC ukachedwa kutsegulidwa nthawi yokolola, mtengo womwe unduna walengeza umangokhala wa papepala, ndipo ukasowa chimanga mu Januwale wogula amatsala m'manja mwa mavenda.

Malipiro akachedwa ndi sabata imodzi yokha, amene amapindula ndi wakatapila. N'chifukwa chake kulipira ogwira ntchito pa tsiku lodziwika kuli ndi mphamvu pa chuma cha pakhomo yosasiyana kwenikweni ndi kuwakwezera malipirowo pang'ono.

Palinso mwayi womwe akuluakulu a nthambi za boma ndi ma SACCO a ogwira ntchito angauganizire. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, osati pa 1 Julayi monga kale, kutanthauza kuti ndondomeko yatsopano ya chuma imayamba kugwira ntchito chimanga chikuuma m'munda. Ngongole yaing'ono yogulira chimanga, yoperekedwa mu Meyi n'kumadulidwa pang'onopang'ono pa malipiro mpaka Malichi, ingalole mphunzitsi wa ku Lifuwu kapena namwino wa ku Khombedza kugula matumba ake kwa mlimi woyandikana naye pa mtengo wa boma, mavenda asanawakweze pa lole kupita nawo ku Lilongwe.