Google sidziwa njira imene kabuku kamayenda ku Bembeke

Pali mawu amene afala m'misonkhano ya mabungwe, akuti anthu akumudzi sawerenga za pa intaneti, ndiye kulemba timabuku ta ulimi m'Chichewa n'kutaya ndalama. Umboni wawo ndi umodzi wokha, woti opanga dawunilodi ndi ochepa. Ife tikukana.

Kodi makina owerenga madawunilodiwo amawerenga chiyani? Google Analytics 4, imene inalowa m'malo mwa Universal Analytics itasiya kuwerenga pa 1 July 2023, imalemba file_download munthu akadina linki ya PDF ali pawebusaiti pomwepo. Basi. Siona ngati fayiloyo yafikadi mufoni. Netiweki ikaduka munthu n'kudina katatu, Google Analytics imalemba katatu. Amene watumiziridwa linki yolunjika pa PDF, osadutsa patsambalo, salembedwa n'komwe.

Tsono bwerani ku Bembeke, kumapiri ozizira a Dedza, kumene kachewere ndiye ndalama. Mvula ikalimbikira, chiwawu chimagwa m'munda, masamba n'kuwauka ngati apsa ndi moto, ndipo mlimi sagona tulo. Mlangizi, kapena mnyamata amene wagula bandulo, amapanga dawunilodi kamodzi kokha kabuku konena za kapoperedwe ka mankhwala. Kuchoka apo kabukuko kamayenda pa WhatsApp, poti bandulo ya WhatsApp ya Airtel kapena TNM ndi imene ambiri amakwanitsa. Kamadumphira mufoni ina pa Bluetooth, kamalowa mumemori khadi kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Madzulo mwana wasukulu akuwerengera agogo ake pakhonde, anansi atakhala pamphasa kumvetsera, wina n'kumuuza kuti abwereze pamene pakunena za muyeso wa madzi. Pakompyuta ya mu ofesi ku Lilongwe, chiwerengero chikadali 1.

Mapepala a mayeso akale a MANEB nawonso amayenda chimodzimodzi.

Sitikuti chiwerengerocho chitayidwe ayi. Chimathandiza kudziwa linki imene ikudinidwa ndiponso nthawi yake. Koma kuchigwiritsa ntchito poweruza kuti mlimi sawerenga ndi kumulakwira, ndipo zimatiwawa chifukwa wolangidwa ndi amene alibe ndalama ya bandulo yaikulu.

Inu a mabungwe, musanasiye kulemba m'Chichewa, chepetsani kukula kwa mafayilo anu kuti asamadye bandulo. Kenako kwerani minibasi mumsewu wa M1, mutsikire pa Bembeke, mupemphe alimi akuonetseni zimene zili mufoni zawo.