Mankhwala a kukhumudwa safuna phuma

Ambiri mwa ife tidazolowera mankhwala ogwira ntchito mwachangu. Mutu ukawawa timameza Panado, pakapita ola limodzi tabwerera kumunda. Malungo akatigwira timamwa LA masiku atatu, nkhani n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake munthu akapatsidwa mapiritsi a matenda a kukhumudwa, amene ena amangoti matenda a maganizo, n'kumwa sabata yathunthu osaona kusintha, amafulumira kugamula kuti mankhwalawo ndi opanda mphamvu. Ena amawasiya, ena amayamba kumwa awiriawiri poganiza kuti achira msanga. Njira zonse ziwirizi n'zoopsa, ndipo ife tikuti yakwana nthawi yoti mabanja adziwe kasamalidwe ka mankhwala amenewa.

Tiyang'ane ku Nthalire, kum'mwera kwa boma la Chitipa, kufupi ndi mapiri a Nyika, chifukwa kumeneko vutoli limaonekera poyera. Kuchoka pa Nthalire kukafika kuchipatala chachikulu pa boma la Chitipa ndi ulendo wa makilomita opitirira 100, pamsewu umene umavuta kwambiri nyengo ya dzinja. Ku Mzuzu, komwe a St John of God akhala akusamalira odwala maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, n'kutali kuposa pamenepo. Kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba ndiye kosanena. Choncho munthu wa ku Nthalire akalandira mapiritsi n'kubwerera kwawo, amatha masabata angapo osaonananso ndi amene adamulembera mankhwalawo. Masiku onsewo dokotala wake weniweni ndi mkazi wake, mwamuna wake, mayi ake kapena mlongo wake. Zili chimodzimodzi m'madera ambiri akutali ndi zipatala zikuluzikulu m'dziko muno.

Tiyambe ndi nthendayo. Kukhumudwa kumene tikunena pano n'kosiyana ndi chisoni cha pamaliro kapena kudandaula kuti fodya sadayende bwino kumsika. Ndi matenda amene amamugwira munthu tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Wodwala sakondwanso ndi zinthu zimene ankazikonda, amasowa tulo kapena amangogona, chakudya sichilowa, thupi limafooka, amadziona ngati wachabechabe, ndipo nthawi zina amaganiza zodzipha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023 lidati pafupifupi akuluakulu asanu mwa 100 alionse ali ndi vutoli. Kumudzi munthu wotere timamunena kuti ndi waulesi, wamwano kapena walodzedwa, chonsecho akudwala matenda amene ali ndi chithandizo.

Sikuti aliyense wokhumudwa amafunika mapiritsi. Ndondomeko ya mhGAP, imene WHO idakhazikitsa mu 2008 pofuna kuti madokotala ndi anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono azitha kuthandiza odwala maganizo, imati amene nthenda yawo siidakule athandizidwe kaye ndi uphungu. Imaletsa kupatsa mankhwalawa ana osakwana zaka 12, ndipo kwa achinyamata imati uphungu ukhale patsogolo. Wodziwa ngati munthu akufunika mapiritsi ndi wachipatala amene wamuyeza ndi kucheza naye. Mnansi, wogulitsa m'golosale kapena m'bale amene adachira ndi mankhwala omwewo alibe mphamvu imeneyo.

Mankhwala amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi awiri. Oyamba ndi amitriptyline, mankhwala akale amene adayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1961. Ambiri amawadziwa kale chifukwa madokotala amawaperekanso kwa anthu amene miyendo imayaka kapena kuchita dzanzi. Amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa. Amaumitsa m'kamwa, amatha kudzimbitsa, ndipo munthu akadzuka mofulumira amamva chizungulire. Achiwiri ndi fluoxetine, amene adavomerezedwa ku America mu 1987 ndipo adatchuka ndi dzina loti Prozac. Awa amamwedwa m'mawa chifukwa amatha kusowetsa tulo. Masiku oyamba ena amamva nseru, mutu kapena kusakhazikika, ndipo ena chilakolako cha m'banja chimachepa.

Apa m'pamene pali msampha. Zovuta tatchulazi zimabwera msanga, mwina tsiku lachiwiri lomwe, pamene phindu la mankhwalawo limachedwa. Kawirikawiri pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kumva kupepuka, ndipo ena amadikira mpaka masabata asanu ndi limodzi. Wodwala amene sadauzidwe zimenezi amaona ngati mankhwala akumuwonjezera matenda, ndiye amawasiya pa nthawi yomwe atsala pang'ono kugwira ntchito. Zambiri mwa zovuta zoyambazo zimachepa zokha thupi likazolowera. Zikapitirira, wachipatala angathe kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pankhani iyi mwambiwu ndi malangizo achipatala enieni.

Msampha wachiwiri umabwera munthu akayamba kupeza bwino. Tulo tabwerera, nsima ikulowa, khasu wagwiranso, ndiye achibale amati wachira, mapiritsi achekenji. Komatu malangizo a WHO amati mankhwalawa apitirire kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi zizindikiro zitatha, chifukwa wosiya msanga nthenda imamubwerera mosavuta. Nthawi yosiya ikakwana, wachipatala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, kusowa tulo, maloto oopsa ndi kupsa mtima. Ena akaona zimenezi amaopa kuti asanduka akapolo a mankhwala ngati osuta chamba. Ayi, mankhwalawa sapatsa chibaba. Thupi limangofuna nthawi yozoloweranso kukhala popanda iwo. Amene waiwala kumwa tsiku limodzi asamwe awiri mawa lake pofuna kubweza, angopitiriza monga mwa masiku onse.

Pali zinthu zina zimene wachipatala ayenera kuuzidwa asadalembe mankhwala, ndipo kubisa n'kudzipweteka wekha. Amitriptyline sagwirizana ndi matenda ena a mtima, ndipo kwa okalamba amatha kuyambitsa kugwa kapena kuvutika pokodza. Amene ali ndi khunyu, shuga, matenda a chiwindi, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, onsewa anene. Mayi amene wazindikira kuti ndi woyembekezera ali kale pa mankhwala asasiye yekha, apite akakambirane ndi achipatala. Anenenso amene nthawi ina adakhalapo ndi chisangalalo chopyola muyeso, masiku angapo osagona, kuyankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama, chifukwa kwa munthu wotere mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha amatha kudzutsa vuto limenelo.

Mankhwala ena nawo amalimbana ndi mapiritsi amenewa. Ena mwa mankhwala a TB amachepetsa mphamvu ya amitriptyline m'thupi, pamene ma ARV ena amaiwonjezera. Mankhwala a malungo monga LA ndi kwinini akakumana ndi amitriptyline amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, choncho wodwala malungo asazengereze kupita kuchipatala koma akafika anene zimene akumwa kale. Brufen, Indocid ndi aspirin, amene anthu amangogula pamsika thupi likaphwanya, akaphatikizana ndi fluoxetine amawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba. Piriton amawonjezera tulo kwa amene akumwa amitriptyline. N'chifukwa chake kabuku ka kuchipatala sikoyenera kutsala kunyumba, ndipo ngati munthu akumwanso zitsamba anene mosachita manyazi.

Za mowa tinene mosapsatira. Kachasu, masese kapena mowa wa m'botolo, wonsewo umakulitsa kukhumudwa ndipo ukakumana ndi mankhwalawa munthu amaledzera moposa muyeso. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto ndi madalaivala amene angoyamba amitriptyline adikire kaye aone m'mene thupi likuwalandirira asadanyamule anthu, chifukwa tulo take timatha kufika mpaka m'mawa.

Tsopano tifike pa nkhani yolemera kuposa zonse. Amitriptyline akamwedwa ambiri nthawi imodzi amapha, ndipo mwana wamng'ono mapiritsi ochepa okha angathe kumuchotsera moyo. Tikumbukire kuti amene akupatsidwa mankhwalawa ndi munthu amene nthenda yake yomweyo imatha kumuganizitsa zodzipha. Madokotala amachenjezanso kuti masabata oyamba, makamaka kwa achinyamata osakwana zaka 25, maganizo oterewa amatha kukula asadayambe kuchepa. Choncho m'nyumba mukhale munthu mmodzi wodalirika wosunga mankhwala pamalo otsekedwa, ouma, osafikira ana, ndipo azipereka mlingo wa tsiku limenelo basi. Mankhwala a m'munda ndi ophera makoswe nawonso atsekeredwe kutali. Musaope kumufunsa wodwala mwachindunji ngati akuganiza zodzivulaza. Kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu, koma kumamutsegulira khomo loti ayankhule. Akavomera, musamukalipire kapena kumulalikira. Musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Thamangiraninso kuchipatala chapafupi ngati wodwala wamwa mapiritsi opyola mlingo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mphamvu yake imatha kuonekera pakapita maola. Tengani paketi ya mankhwalawo kuti achipatala aone. Chitani chimodzimodzi ngati wakomoka, wagwa ngati wakhunyu, mtima ukugunda modabwitsa, akulephera kukodza, watupa nkhope kapena watuluka zidzolo thupi lonse. Kumumwetsa mkaka kapena kumukakamiza kusanza n'kutaya nthawi.

Kwa anthu a ku Nthalire zonsezi zimabweretsa funso lovuta. Wodwala akapatsidwa mapiritsi a miyezi ingapo kuti asavutike ndi ulendo, m'nyumba mumakhala mulu wa mankhwala oopsa. Akapatsidwa a masiku ochepa, ayenera kumabwerera kuchipatala pafupipafupi, ndalama yoyendera alibe, mvula yadula msewu, mapeto ake mankhwala amamuthera panjira. Ena zikatere amabwereka kwa anzawo kapena kugula kwa ogulitsa oyendayenda. Mankhwala ogula motere sadziwika kumene achokera, mlingo wake kapena tsiku lotha mphamvu, ndipo bungwe la PMRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, sililola kuti mankhwala oterewa agulitsidwe popanda chilolezo ndi chikalata cha dokotala.

Ife tikuona kuti yankho lake ndi kusendeza chithandizo pafupi ndi anthu. Tikupempha unduna wa zaumoyo ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma la Chitipa kuti mankhwala awiriwa azipezeka nthawi zonse pachipatala cha Nthalire ndi zipatala zina zing'onozing'ono, ndipo katundu wa dzinja azifika mvula isadayambe. Kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma si nkhani yachilendo m'dziko muno, koma kwa wodwala uyu sabata imodzi yopanda mapiritsi ingathe kugwetsa ntchito ya miyezi isanu. Anamwino ndi madokotala a m'zipatala zimenezi aphunzitsidwe kuzindikira nthendayi, ndipo alangizi a zaumoyo, amene amayenda m'midzi kale, aziyendera odwala amene angoyamba mankhwala. Malangizo aziperekedwa m'chiyankhulo chimene wodwala amamva bwino. Ku Nthalire ambiri amayankhula Chitumbuka, ndipo boma la Chitipa lili ndi ziyankhulo zambiri monga Chilambya, Chindali ndi Chisukwa. Mawu olembedwa m'Chingerezi pakathumba ka mapiritsi sathandiza gogo amene akusunga mankhwala a mdzukulu wake.

Mapiritsi paokha samaliza ntchito. Amapeputsa mtima kuti munthu athe kulimbana ndi mavuto ake, koma sabweza ngongole, sathetsa nkhanza za m'banja, sadzutsa wokondedwa amene adamwalira. Uphungu, kucheza ndi anthu, kugwira tintchito ting'onoting'ono ndi kupita kumapemphero kwa amene amapemphera, zonsezi zimathandizana ndi mankhwala. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench imene Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 idaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino, atakhala pabenchi pafupi ndi chipatala, angathe kuthandiza anthu okhumudwa pongomvetsera ndi kukambirana nawo njira zothetsera mavuto. Agogo oterowo ku Nthalire aliko, chosowa ndi maphunziro.

Kwa atsogoleri a mipingo ndi mafumu tili ndi pempho limodzi. Musauze wodwala kuti ataye mankhwala ngati chizindikiro cha chikhulupiriro kapena cha kuchira. Mupempherereni, muyendereni, kenako mumukumbutse tsiku lobwerera kuchipatala. Ndipo ife tonse tisiye kumunena kuti wapenga munthu amene tamuona pamzere wolandira mapiritsi amenewa, chifukwa manyazi ndi amene amachititsa ambiri kubisa mankhwala kapena kuwasiya.

Banja limene lili ndi wodwala wotere lichite zinthu izi kuyambira lero: lisankhe wosunga mankhwala, lilembe pakalendala tsiku limene mapiritsi adzathe, ndipo liyambe kukonzekera ulendo wa kuchipatala kudakali sabata yathunthu. Pokaonana ndi achipatala m'bale mmodzi aperekeze wodwala ndipo afunse mafunso onse, pajatu safunsa adadya phula. Kukhumudwa kumachizika, ndipo ambiri amene amatsatira malangizo amabwerera kumunda, kumsika ndi kusukulu. Chofunika ndi kudekha kwa miyezi ingapo, ndi achibale amene sangatope panjira.